Akaunti, kompyuta ndi mpeni wodulira mphesa

Mawu akuti akaunti alowerera paliponse masiku ano. Ku banki amakufunsani nambala ya akaunti. Pa foni pali akaunti yolandirira ndalama zochokera kwa achimwene a ku Joni. Mwana wa sukulu ali ndi akaunti ya Facebook ngakhale m'thumba mwake mulibe ndi tambala yomwe. Nawo mawu akuti kompyuta tinasiya kalekale kuwaona ngati alendo. Koma tauzani munthu kuti awiriwa ndi a bere limodzi, muona akukuyang'anani mokayika. Mukawonjeza kuti kholo lawo linkapezeka m'munda wa mphesa, mpeni uli kumanja, aziti mwayamba nthabwala.

Kholo limeneli ndi mneni wa Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, wakuti *putare*. Alibe ubale ndi kuputa kwathu kuja kwa munthu wofuna ndewu. Kufananako n'kwa m'khutu chabe. Wophunzira Chilatini ku seminale amauzidwa koyambirira kuti *puto* ndi "ndikuganiza", ndipo n'zoona, m'zolemba zambiri za Aroma limatanthauza zimenezo. Koma tanthauzo limenelo linabwera mochedwa. Loyamba linali la kumunda: kudulira mtengo, kusadza nthambi zouma ndi zosabala kuti zotsalazo zibereke bwino. Wogwira ntchitoyo ankatchedwa *putator*. Amene anaonapo tiyi ataduliridwa ku Thyolo kapena ku Mulanje, munda wonse utasanduka zitsa zazifupi ngati wapsa, akuidziwa ntchito imeneyi. Tanthauzo la kumundali silinafenso ayi. Mpaka lero mlimi wolankhula Chipwitikizi kapena Chisipanishi akamadulira mitengo amati *podar*, wa ku Italy amati *potare*.

Nanga kudulira mtengo kunasanduka bwanji kuwerengera ndalama? Funso limeneli Aroma eni ake anadzifunsa. Marcus Terentius Varro, amene anabadwa mu 116 Khristu asanabadwe namwalira mu 27, analemba za magwero a mawu a Chilatini, ndipo anati *putare* ndi kuyeretsa chinthu, kuchichotsa zonse zosafunika. Wodulira mitengo amatchedwa choncho poti amayeretsa mtengo, ndipo kuwerengera chuma kumati "kwaduliridwa" pamene chiwerengero chomaliza chatsala chokha, choyera, popanda chokayikitsa. Patapita zaka pafupifupi 200, mlembi wina, Aulus Gellius, anabwereza mfundo yomweyo pofotokoza mawu a m'pangano la Aroma ndi anthu a ku Carthage, momwe munalembedwa kuti siliva wa msonkho akhale *purum putum*, ndiye kuti siliva weniweni, woyengeka, wopanda chosakaniza. Varro ankaphonya kawirikawiri pa nkhani za magwero a mawu, nthawi zina ankangolota, koma apa akatswiri a masiku ano amagwirizana naye pa ndondomeko yake. Amangotsutsana pa muzu wakale kwambiri, ena akuti ndi wa kuyera, ena akuti ndi wa kutema.

Kwa ine chithunzichi n'chomveka ndikaganiza za anthu awiri okongozana. Wina akuti, "Munatenga matumba atatu a chimanga." Mnzake akuti, "Eya, koma ndinakulimirani masiku asanu, komanso mbuzi ija simunandilipire." Akhala pansi, izi zifafaniza izo, nthambi zigwa imodziimodzi, mpaka patsala mawu amodzi oti onse awiri avomere: mwatsala ndi thumba limodzi. Ndiko kudulira kwa Aroma kumeneko. Akawonjeza kachidutswa kakuti *com* kumayambiriro, kotanthauza "pamodzi", pankatuluka *computare*, kuwonkhetsa zonse pamodzi. Tsono munthu wozolowera kuwerengera m'buku amayamba kuwerengera mumtima, ndipo apo ndi pamene panabadwira tanthauzo la kuganiza. Ifenso tinayenda njira yomweyo popanda kuonera kwa Aroma. Timayesa nsalu ndi mkono, timayesa chimanga ndi ndowa, kenako timati, "Ndimayesa mwapita kale." Timawerengera ndalama, kenako timadandaula kuti, "Munthu uja sawerengera anzake."

Amene akufuna kuona mawuwa ali pa ntchito apite kwa Marcus Porcius Cato, mkulu wouma mtima uja amene anamwalira mu 149 Khristu asanabadwe. Iye analemba malangizo a ulimi, ndipo pafupi ndi poyambira penipeni akufotokoza zimene mwini munda achite akafika kuchokera ku tauni. Ayambe wazungulira munda, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. M'mawa mwake aitane *vilicus*, ife tingati kapitawo, amufunse ntchito imene yagwiridwa ndi imene yatsala. Kapitawo akayamba kudandaula kuti mvula inavuta, akapolo anadwala, ena anathawa, mwini munda amubwezere ku chiwerengero cha masiku ndi ntchito. Kenako, akutero Cato, *rationes putare*: adulire maakaunti a ndalama, a tirigu, a chakudya cha ziweto, a vinyo, a mafuta, chagulitsidwa n'chiyani, chalipidwa n'chiyani, chatsala n'chiyani, choti chigulitsidwe n'chiyani. Ndipo kudulirako sikuthera m'buku. M'ndime yomweyo akulangiza kuti agulitse ng'ombe zokalamba, ngolo yakale, zitsulo zakutha, kapolo wokalamba ndi kapolo wodwaladwala. Munthu akuikidwa pa mndandanda umodzi ndi khasu lothyoka. Ndikamawerenga pamenepa mawu akuti kuyeretsa amandiwawa m'kamwa.

Onani kuti m'chithunzi cha Cato muli anthu awiri, wofunsa ndi woyankha, ndipo woyankhayo akulankhula, akusimba nkhani ya mvula ndi matenda. Musaiwale zimenezi, tizipezanso kutsogoloku.

Dzina limene Cato akugwiritsa ntchito, *ratio*, nalonso lili ndi mbiri yofanana. Poyamba linali kuwerengera ndi buku la chuma. Mkulu woyang'anira chuma cha mfumu ya Roma ankatchedwa *a rationibus*, monga Pallas, kapolo womasulidwa amene analemera koopsa pa nthawi ya mfumu Claudius. Pambuyo pake *ratio* inasanduka nzeru, kulingalira, chifukwa cha chinthu, ndipo ndi mmene Chingerezi chinapezera *reason* ndi Chipwitikizi *razão*. Mwini banja wolemera wa ku Roma ankasunga mabuku angapo: lolembamo mofulumira za tsiku ndi tsiku, lina lalikulu la zolowa ndi zotuluka limene linkatha kuperekedwa ngati umboni kukhoti, ndi lina la ngongole lotchedwa *kalendarium*, chifukwa chiwongoladzanja chinkalipidwa pa *Kalendae*, tsiku loyamba la mwezi. Kalendala yopachika pakhoma ija inayamba ngati buku la katapila.

Koma kuwonkhetsa kwenikweniko sankachitira m'buku. Yesani kuchulukitsa XLVIII ndi XXVII pa pepala, muona chifukwa chake. Manambala a Aroma anali olembera yankho, osati opezera yankho. Ntchito inkachitika pa thabwa lokhala ndi mizere, poyendetsa timiyala totchedwa *calculi*, mzere wa imodziimodzi, wa makumi, wa mazana, mofanana pang'ono ndi mmene nkhomo zimayendera pa bawo. Timiyala timeneti ndi timene tinabala *calculate* ndi kakyuleta. Popanda thabwa ankagwiritsa zala, koma osati mongotambasula ngati mwana wa Sitandade 1. Anali ndi njira yopinda zala mosiyanasiyana moti dzanja lamanzere lokha linkasonyeza nambala iliyonse mpaka 99, lamanja n'kumasonyeza mazana ndi masauzande. Mlakatuli wina wa ku Roma, Juvenal, pofuna kunena kuti mfumu Nestor inakhala ndi moyo zaka zoposa 100, anangoti tsopano ikuwerenga zaka zake ndi dzanja lamanja, ndipo mneni amene anagwiritsa ndi *computat* yemweyu. Chala m'Chilatini ndi *digitus*. Zonse zimene lero tikuzitcha za digito zikuloza ku zala zopindapinda zimenezo.

Abale ena a *putare* tingowatchula podutsa. *Amputare* kunali kudulira mtengo mozungulira, ndipo madokotala anautenga kukhala kudula mwendo kapena mkono. *Disputare* kunali kusanthula akaunti mbali ndi mbali, n'kusanduka kukangana, zomwe sizidabwitsa aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wogawana ndalama za chipepeso. *Imputare* kunali kulemba ngongole pa dzina la munthu, n'kusanduka kumuikira mlandu. *Reputare* kunali kuwerengeranso, ndipo kunabala mawu a Chingerezi onena za mbiri ya munthu, mtengo umene anthu amuikira. Pamene Jerome ankakonza Mauthenga Abwino m'Chilatini cha m'ma 383, pa Luka 14:28, paja Yesu akufunsa kuti ndani wofuna kumanga nsanja amene sayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, mawu amene ali pamenepo ndi *computat*. M'Chigiriki choyambirira mneni wake ndi wochokera ku dzina la kamwala kowerengera.

Mpingo ndi umene unasunga mawuwa pamene ufumu wa Roma wa kumadzulo unagwa, ndipo unawasunga pa chifukwa chodabwitsa. Kwa zaka mazana ambiri, *computus* linali dzina la phunziro limodzi lokha: kupeza tsiku la Pasaka. Khirisimasi sivuta, ili pa 25 Disembala chaka chilichonse. Pasaka imayenda, chifukwa imagwa Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene waoneka pa 21 Marichi kapena pambuyo pake, ndiye imatha kufika tsiku lililonse kuyambira 22 Marichi mpaka 25 Epulo. Vuto n'lakuti chaka cha dzuwa, mwezi wa kumwamba ndi sabata la masiku 7 sizigawana bwino. Miyezi 12 ya kumwamba imaperewera masiku pafupifupi 11 pa chaka cha dzuwa, ndipo pamatenga zaka 19 kuti ziwirizi zikumanenso pafupifupi pamalo amodzi. Amonke ankafunika kudziwa tsikuli pasadakhale kuti ayambe kusala pa nthawi yake, ndipo kulakwitsa sinali nkhani yaing'ono. Ku Northumbria, kumpoto kwa England, mfumu Oswiu inkatsata kawerengedwe ka amonke a ku Ireland pamene mkazi wake Eanflæd ankatsata ka Roma, moti zinkachitika kuti mfumu yamasula kale ikudya phwando la Pasaka, mfumukazi idakali pa Lamulungu la kanjedza, ikusala. Nyumba imodzi, Pasaka ziwiri. Msonkhano wa ku Whitby mu 664 ndi umene unagamula kuti atsate Roma.

Pokonza matebulo a Pasaka omwewa mu 525, mmonke wina ku Roma, Dionysius Exiguus, anakana kupitiriza kuwerenga zaka kuchokera pa ulamuliro wa Diocletian, mfumu yozunza Akhristu, nayamba kuwerenga kuchokera pa kubadwa kwa Khristu. Mu 725 Bede, mmonke wa ku Jarrow, analemba buku lalikulu la *computus*, ndipo mutu wake woyamba ndi wa kuwerenga ndi zala kuja, mpaka 9,999. Chaka chimene mumalemba pamwamba pa kalata chinachokera ku masamu a Pasaka amenewa.

Pamene amonke ankalemba *computare* mosamala chilembo chilichonse, anthu wamba pamsika ankalitafuna. Ka *u* ka pakati, popeza sikankatchulidwa mwamphamvu, kanagwa. Zitatero *m*, *p* ndi *t* zinagundana, lilime linakana, *p* n'kusowa, *m* n'kusanduka *n*. Ku Italy panatsala *contare*, ku Spain ndi ku Portugal *contar*, ku France *conter*. Zoterezi sizachilendo kwa ife amene tinatenga mawu a Chingerezi n'kupanga sitolo, buledi ndi masamu. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha boma ndi makhoti kumeneko, ndipo *conter* ndi *aconter* zinalowa m'Chingerezi kukhala *count* ndi *account*, zomwe zinali zitakhazikika pofika cha m'ma 1300. Patapita zaka zina 300, anthu ophunzira anabwerera ku Chilatini cha m'mabuku n'kutenganso mneni yemweyo ali wathunthu, *compute*. Ndiye kuti mawu amodzi analowa m'Chingerezi kawiri, koyamba kudzera pakamwa, kachiwiri kudzera m'buku. Ife tinalandira onse awiri: wa pakamwa ndi akaunti, wa m'buku ndi kompyuta.

Tsono apa ndi pamene pali fupa la nkhaniyi. M'Chifalansa chakale *conter* sikunali kuwerenga zinthu kokha; kunalinso kusimba nkhani. Mpaka lero Mpwitikizi akati *contar* akhoza kukhala akuwerenga ndalama kapena akufotokoza nthano. M'Chisipanishi *cuenta* ndi bilu kapena akaunti, *cuento* ndi nthano. M'Chingerezi *account* ndi ya ku banki, komanso ndi mmene mboni yafotokozera zimene inaona. Wina angati izi ndi ngozi ya Chilatini, koma zilankhulo zina zinachita zomwezo ndi mawu awoawo. Chijeremani chili ndi *zählen*, kuwerenga zinthu, ndi *erzählen*, kusimba. Wogwira ntchito pa kauntala ya banki amatchedwa *teller* osati chifukwa amauza anthu zinthu, koma chifukwa *tell* kale kunalinso kuwerenga ndalama. Ndipo kuno kwathu mneni mmodzi, kuwerenga, amagwira ntchito pa mbuzi ndi pa kalata. Chishona chimati *kuverenga* pa zonse ziwiri, Chisutu chimati *bala*.

Chifukwa chimodzi n'chapafupi: wowerenga mbuzi ndi wosimba ulendo onse amatenga zinthu chimodzichimodzi, motsatana, osadumpha. Koma ndikuona kuti chifukwa chachikulu ndi kapitawo wa Cato uja. Kwa zaka zambirimbiri akaunti sinali pepala loti munthu aziyang'ana yekha chamumtima. Inali mwambo wa pakamwa, munthu ataimirira pamaso pa mbuye wake kufotokoza kumene chuma chapita. Mabwana ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo ngakhale odziwa ankakhulupirira kwambiri chimene chanenedwa pagulu kuposa cholembedwa. N'chifukwa chake kufufuza mabuku a chuma kumatchedwa *audit*, kuchokera ku *audire*, kumva. Woyendera mabuku anali womvetsera. Amayi a banki mkhonde akamatsegula bokosi onse akuona, ndalama n'kuwerengedwa mokweza, mlembi n'kutchula zimene zili m'kaundula gulu n'kuvomera, akuchita chinthu chakale kwambiri kuposa banki iliyonse ya m'tauni.

Chitsanzo choonekeratu ndi Exchequer, ofesi ya chuma cha mfumu ya ku England, imene inalipo kale m'nthawi ya mfumu Henry I kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100. Dzinalo linachokera ku nsalu ya mizeremizere, yonga bolodi la tchesi, imene ankayala patebulo lalikulu. Kawiri pachaka, pa Pasaka ndi kumapeto kwa Seputembala, nduna za m'zigawo zinkabwera kudzayankha za msonkho. Akuluakulu atakhala mozungulira, wowerengera ankaika timiyala kapena tindalama m'mabokosi a nsaluyo, mzere wina zimene mfumu ikuyembekezera, mzere wina zimene zaperekedwa, aliyense akuona ndi maso kusiyana kwake. Risiti inali kamtengo. Ankasema mipata pa kamtengoko, waukulu wa mapaundi ambiri, waung'ono wa makobiri, n'kukang'amba pakati m'litali mwake, theka kwa wolipira, theka kwa boma. Wofuna kubera powonjezera mpata ankagwidwa akalumikiza magawo awiriwo. Timitengo timeneti, *tally*, dzina lake linachokeranso ku Chilatini cha kumunda, *talea*, kanthambi kodulidwa. Anasiya kutigwiritsa ntchito mu 1826, ndipo pa 16 Okutobala 1834 antchito anauzidwa kuti atenthe milu yake m'ng'anjo za pansi pa Nyumba ya Malamulo. Anasonkhezera mopitirira, moto unagwira nyumba, ndipo mbali yaikulu ya Westminster yakale, momwe munali Nyumba ya Malamuloyo, inapsa usiku umenewo. Nyumba yotchuka ya ku London ija inamangidwa pa phulusa la marisiti. Nduna ya zachuma ya Britain mpaka lero imatchedwa Chancellor of the Exchequer, ngakhale nsaluyo inapindidwa kalekale.

Afalansa ophunzira sanakondwe kuti mawu amodzi azinyamula katundu muwiri, ndiye anawagawa ndi cholembera. Wowerenga ndalama anamubwezera zilembo za Chilatini, *compter* ndi *compte*, wosimba nthano anamusiya *conter* ndi *conte*. Pakamwa palibe chinasintha, *p* uja satchulidwa. Palinso wachitatu womveka chimodzimodzi, *comte*, udindo wa mfumu yaing'ono, koma ameneyu ndi mlendo m'banjali, anachokera ku *comes*, mnzake wa mfumu woyenda nayo. Chidwi chobwezeretsa zilembo chinafika mpaka polakwitsa. Woyang'anira chuma ankatchedwa *controller*, kuchokera ku mpukutu wachiwiri umene ankasunga poyerekezera ndi woyamba, koma alembi ena a ku England anayesa kuti mawuwo ndi a banja la *compte*, nayamba kulemba *comptroller*. Cholakwacho chinakhazikika, ndipo maudindo ena a boma ku Britain ndi ku America amalembedwabe choncho.

Ku Italy *conto* inakula m'manja mwa amalonda a ku Genoa, Florence ndi Venice, amene anayambitsa kulemba chinthu chilichonse kawiri, mbali ya wokongola ndi mbali ya wokongoza, kuti mbali ziwirizo zikalephera kufanana cholakwa chidziulule chokha. Mabuku a boma la Genoa a 1340 analembedwa kale motero. Luca Pacioli, wansembe wa chipani cha Francis Woyera, sanayambitse njirayi monga ena amanenera; iye anaifotokoza m'buku lake la masamu losindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo makina osindikizira anaifalitsa. Ngakhale iye, buku loyamba mwa atatu amene anati wamalonda asunge linali lolembamo nkhani yonse m'mawu: ndani, anagula chiyani, liti, kuti, pa mtengo wanji. Manambala okhaokha ankabwera pomaliza. Kuchokera ku Italy Ajeremani anatenga *Konto*. Tebulo lowerengerapo ndalama Afalansa analitcha *comptoir*, Adatchi *kantoor*, ndipo amene ali ku South Africa amaona mawu amenewa pa zitseko za maofesi m'Chiafrikaans. Kauntala ya mu golosale ndi tebulo lomwelo.

Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia ali ndi mphukira yawoyawo ya mtengo umenewu. M'Chipwitikizi *conta* ndi akaunti kapena bilu, ndipo *contas* ndi mikanda ya korona, popeza ndi yowerengera mapemphero. Koma palinso *conto*, imene kale inkatanthauza miliyoni. Ndalama yakale ya Portugal, *real*, inali yochepa mphamvu kwambiri moti anthu ankawerenga m'masauzande, ndipo miliyoni imodzi inkatchedwa *conto de réis*. Mu 1911 kutabwera escudo, imodzi yofanana ndi 1,000 ya ndalama zakalezo, *conto* inakhala ma escudo 1,000. Mozambique italandira ufulu inasintha ndalama pa 16 Juni 1980 n'kubweretsa metical, koma mawu akuti *conto* anakakamira, tsopano kutanthauza ma metical 1,000. Mu Julayi 2006 boma linachotsa maziro atatu, 1,000 yakale n'kukhala metical imodzi yatsopano, ndipo anthu ambiri anapitiriza kutchula ndalama yomweyo kuti *conto*. Mawu amene anayamba ngati miliyoni anatsikira pa kakobiri kamodzi. Ku Portugal komwe, ngakhale euro inalowa m'manja mwa anthu mu 2002, achikulire amawerengerabe mtengo wa nyumba m'ma *contos*, imodzi pafupifupi ma euro 5.

Kompyuta nayo inayamba ili munthu. Mawuwa amapezeka m'Chingerezi mu 1613, m'zolemba za Richard Brathwait, akunena za wodziwa kuwerengera, ndipo kwa zaka zoposa 300 anali dzina la ntchito, ngati kalaliki kapena telala. Nevil Maskelyne, katswiri wa zakuthambo wa ku Greenwich, atayamba kutulutsa matebulo othandiza oyendetsa sitima zapamadzi kudziwa pamene ali, oyamba a chaka cha 1767, analemba ganyu makompyuta okhala m'makomo mwawo m'madera osiyanasiyana a England. Samu iliyonse inkapatsidwa kwa anthu awiri otalikirana, wachitatu n'kuyerekeza mayankho awo. Ku yunivesite ya Harvard ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ntchito yoyeza nyenyezi pa zithunzi inapatsidwa kwa amayi olipidwa pang'ono, ndipo mwa iwo munatuluka Henrietta Leavitt, amene zopeza zake zinathandiza kuyeza kutalika kwa milalang'amba. Ku Langley, malo a boma la America ofufuzira za ndege ndi zamlengalenga m'chigawo cha Virginia, amayi achikuda ankawerengera m'chipinda chawochawo chifukwa cha tsankho, ndipo mmodzi wa iwo, Katherine Johnson, ndi amene anatsimikizira ndi dzanja manambala a makina John Glenn asanazungulire dziko pa chombo cha m'mlengalenga mu 1962. Makina otchedwa ENIAC ataonetsedwa ku Pennsylvania mu Febuluwale 1946, amayi 6 amene ankawakonzera ntchito anatengedwa pa gulu la makompyuta aumunthu. Dzina linachoka pa anthu n'kupita pa chitsulo iwo ali pomwepo. Koma Afalansa, eni ake a *compter*, analikana: mu 1955 pulofesa wa Chilatini, Jacques Perret, atafunsidwa ndi kampani yopanga makompyuta ya IBM, anapereka dzina lakuti *ordinateur*, woika zinthu m'dongosolo, ndipo ndi limene amagwiritsa ntchito mpaka pano.

Kwatsala akaunti ya mwana wa sukulu uja, yopanda ndi tambala yomwe. Inatchedwa bwanji akaunti? Makompyuta oyamba anali odula zedi, aakulu ngati chipinda, ndipo yunivesite kapena kampani inkakhala ndi imodzi yokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 akatswiri anapeza njira yoti anthu ambiri azigwiritsa makina amodzi nthawi imodzi, aliyense pa kiyibodi yake. Nthawi ya makinawo inali chuma, ndiye inkagawidwa ndi kulembedwa: uyu wapatsidwa maola akuti, wagwiritsa akuti, atsala akuti, bilu ipite ku dipatimenti yakuti. Munthu aliyense anali ndi tsamba lake m'kaundula, monga kapitawo wa Cato, ndipo kuti wina asadye maola a mnzake anaikapo mawu achinsinsi. Pa makina otere a ku yunivesite ya MIT ku America, otchedwa CTSS, amene gulu la Fernando Corbató linakonza, wophunzira wina dzina lake Allan Scherr anapatsidwa maola 4 pa sabata, omwe sankamukwanira pa kafukufuku wake. Mu 1962 anapempha makinawo kuti asindikize fayilo yosunga mawu achinsinsi a anthu onse, m'mawa mwake anakatenga pepalalo, nayamba kulowa m'maakaunti a anzake. Anagawirako ena kuti mlandu usagwere iye yekha, ndipo anadzaulula yekha patapita zaka zambiri.